MA ya ku IDS, Sussex: kalasi momwe ophunzira ndiwo amagwira cholembera

Kwa ogwira ntchito zachitukuko amene akufuna digiri yachiwiri ku Britain, MA Power, Participation and Social Change ya ku Institute of Development Studies (IDS) ndi yoti aiganizire bwino. IDS ili ku Falmer pafupi ndi Brighton, inakhazikitsidwa mu 1966, ndipo ndi kumene katswiri wa zachitukuko Robert Chambers anakulitsira njira ya PRA (Participatory Rural Appraisal), yomwe anthu akumudzi amaunika okha moyo ndi mavuto awo. Maphunzirowa ndi a chaka chimodzi.

Ubwino wake waukulu ndi kaphunzitsidwe. Mphunzitsi salankhula yekha mpaka belu. Njira zimene mudzagwiritse ntchito kumudzi mumayamba mwaziyesa nokha: mavuto amalembedwa pa makhadi n'kuyalidwa pansi, aliyense n'kuika nyemba pa vuto limene akuliona kuti ndi lalikulu. Phunziro lenileni silikhala pa kuwerenga nyembazo, koma pa mafunso obwera pambuyo. Anayamba kuika ndani? Ena anangotsatira pamene panachuluka kale? Wagwira cholembera ndani, nanga mawu a ndani sanalembedwe?

Chida chimene chimalipiradi ndalama zanu ndi power cube, njira younikira mphamvu pakati pa anthu ya katswiri wa ku IDS John Gaventa. Chimasiyanitsa mabwalo a zokambirana otsekedwa, amene anthu amachita kuitanidwa ndi amene anthu adzitsegulira okha, komanso mphamvu yoonekera, yobisika ndi yosaoneka. Yesani kuunika nacho msonkhano wa VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi): amayi abwera ambiri, mayina awo ali m'kaundula, koma mitu ya zokambirana inakonzedwa kale asanafike. Pamenepo mumvetsa chifukwa chake chiwerengero cha opezeka pa msonkhano sichisonyeza kuti anthu atengadi mbali.

Zovuta zilipo, ndipo n'za kaphunzitsidwe kotere kulikonse. M'magulu, olankhula Chingelezi chothamanga ndiwo amatenga malo, pamene munthu amene wagwira ntchito zaka zambiri kumidzi amakhala akusanjabe mawu mumtima. Wotsogolera akapanda kupatsa aliyense mphindi zolemba yekha zokambirana zisanayambe, nzeru za munthuyo zimatayika, zomwe n'zomvetsa chisoni. Zokambirana zimadyanso nthawi, choncho kuwerenga kozama kumatsalira inuyo usiku.

Amene mukufuna luso la ziwerengero ndi zachuma, sankhani pulogalamu ina. Koma ngati mumatsogolera misonkhano ya anthu kapena kuphunzitsa alangizi, iyi ikuyenerani. Fizi ndi lendi ku Brighton n'zokwera kwambiri, ndiye yambani msanga kufunsira thandizo la maphunziro la boma la Britain lotchedwa Chevening, lomwe limafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka zosachepera 2.