Chindapusa cha ndalama kapena kulanda mapointi mu mipikisano ya magalimoto ya F1?

Nkhani ya timu ya Red Bull ija imandiwawabe mpaka pano. FIA, bungwe loyang'anira mipikisanoyi, inaika malire oti mu 2021 timu iliyonse isawononge kupyola $145 miliyoni, Red Bull inadumpha ndi mapaundi pafupifupi 1.8 miliyoni, kenako mu Okutobala 2022 anaipatsa chindapusa cha $7 miliyoni komanso kuidulira 10% ya nthawi yoyesera galimoto mu wind tunnel (chipinda chomwe amapemereramo mphepo pa galimoto kuti aone momwe ikudulira mpweya).

Ndalamazo ndiye zosaopsa olo pang'ono. Kampani yogulitsa zakumwa dziko lonse, 7 miliyoni ndi chani kwa iwo? Wolemera amangolipira n'kupitiriza, pomwe timu ngati Williams yomwe imawerengera kakobiri kalikonse ndiyo imamva kuwawa. Ubwino wake ndi umodzi, mlandu umatha msanga.

Kudula nthawi ya wind tunnel kumaoneka kolumako chifukwa m'menemo ndi momwe amapezera liwiro, Red Bull inatsika kuchoka pa 70% kufika pa 63% ya nthawi yomwe FIA inaika ngati muyezo, Christian Horner, yemwe anali bwana wa timuyi, anadandaula kwambiri kuti chilango chakula koma mu 2023 Red Bull inawina mipikisano 21 mwa 22, ndiye chinaluma pati?

Kulanda mapointi ndiye kumene matimu amaopa zenizeni. Dalaivala wa Red Bull Verstappen anatenga chikho ataposa Hamilton wa timu ya Mercedes ndi mapointi 8 okha mu 2021. Vuto ndi loti maakaunti amawunikidwa chaka chotsatira, chikho chitaperekedwa kale, ndipo kusintha wopambana patadutsa miyezi 10 kumawawitsa mafani. Komabe ine ndili mbali ya mapointi, makamaka a timu osati a dalaivala, poti amene amasainira ndalama si Verstappen.