Ndemanga ya The Great Gatsby: munthu amene anayesa kugula mtima wa mkazi

Buku la The Great Gatsby, lomwe F. Scott Fitzgerald anatulutsa mu 1925, lili ndi mitu 9 yokha, koma limafika pakuya pofotokoza za mwamuna amene anasakaniza chikondi ndi ndalama mpaka mwini wakeyo kulephera kuzilekanitsa. Nkhaniyi ikuchitika mu 1922 ku Long Island, kufupi ndi New York, ndipo woifotokoza ndi Nick Carraway, amene nyumba yake inayandikana ndi ya Jay Gatsby.

Gatsby anadziwana ndi Daisy ku Louisville mu 1917 ali msilikali wopanda kanthu. Iye ali kutali chifukwa cha nkhondo, Daisy anakwatiwa ndi Tom Buchanan, mwana wa m'banja lolemera kuyambira kale, amene anamupatsa mkanda wa ngale wa madola 350,000. Gatsby sanavomereze kuti zatha. Analemera pochita malonda a mowa pa nthawi imene boma la America linauletsa, anagula chinyumba tsidya lina la madzi moyang'anana ndi kwa Daisy, ndipo ankachititsa maphwando a usiku wonse poyembekezera kuti tsiku lina mkaziyo adzatulukira pakhomo.

Gawo limene ndikuliyamikira kwambiri ndi pamene awiriwa akumananso. Gatsby akutsegula kabati nayamba kuponya malaya ake odula, ogulidwa ku England, mpaka kuunjikana mulu, ndipo Daisy akubisa nkhope m'malayamo nayamba kulira. Wolembayo satiuza mwachindunji ngati misoziyo ndi ya chikondi, ya chisoni, kapena ya kuona chuma chimene chinabwera mochedwa, ndipo apa mpamene pagona luso lake. Gatsby naye sakhutira ndi kukondedwanso, koma akufuna Daisy anene pamaso pa Tom kuti sanamukondepo mwamuna wakeyo ngakhale tsiku limodzi. Chikondi chotere chimawawitsa mtima powerenga, chifukwa chikufuna kufufuta zaka zimene munthu anakhala ndi moyo wake.

Ndalama zikuonetsa nkhanza zake kumapeto. Daisy akugunda ndi kupha Myrtle Wilson, chibwenzi cha Tom, ndi galimoto ya Gatsby, Gatsby akusenza mlanduwo ndi kuphedwa, pomwe banja la Buchanan likungolongedza katundu ndi kuchoka. Pa khamu lija lodya ndi kumwa zaulere, amene anafika kumanda ndi mmodzi yekha.

Zofooka zilipo. Daisy timamuona kudzera m'maso mwa amuna okhaokha, choncho za kumtima kwake sitizimva mokwanira, ndipo Meyer Wolfsheim, Myuda amene ankachita naye malonda Gatsby, wajambulidwa motsatira tsankho limene Ayuda ankachitiridwa masiku amenewo. Chingerezi chake nachonso ncholemera, chodzaza mafanizo ndi mawu a nthawi imeneyo. Bukuli ndi loyenera kugula, koma amene akuliwerenga koyamba asankhe losindikizidwa ndi mafotokozedwe a mawu ovuta, ndipo asafooke ndi mitu iwiri yoyambirira, chifukwa Gatsby mwini wake akuyamba kulankhula m'mutu wachitatu.