Sitima ya timanjerwa patatha miyezi 9: mabogi oduka ndi zidutswa zogwedera

M'mwezi wa Febuluwale ndinalemba za sitima yoseweretsa ya timanjerwa ta pulasitiki imene ndinagulira ana anga awiri kuno ku Moatize, ndipo ndinaiyamikira kuti inali yosavuta kumanga komanso inkayenda bwino panjanji yake. Mawu amenewo sindikuwabweza, koma papita miyezi 9 tsopano ndipo pali zina zimene munthu sangazione sabata yoyamba. Sitimayi si ya LEGO, ndi ya kampani ina imene inatengera muyeso womwewo wa mamilimita 8 kuchokera pakati pa kamutu kamodzi ka pamwamba pa kanjerwa kufika pa kanzake, choncho timanjerwa ta makampani awiriwa timalumana. Inabwera ndi mutu woyendera mabatire, mabogi atatu, ndi njanji zokhota 16 zimene zimapanga bwalo lathunthu.

Mwana wokulira ku Moatize sangakhutire ndi mabogi atatu, poti amaona sitima za malasha zopita ku Nacala kudzera m'Malawi, zimene munthu amatopa kuwerenga mabogi ake. Anawo anamanga mabogi ena awiri ndi magudumu otsala, n'kudzaza onse ndi timiyala kuti akhale malasha. Kuyambira pamenepo mawu amene ndinkamva madzulo alionse anali akuti, "Ababa, komboyo yadukanso!" kunena sitimayo. Mutu unkathamanga wokha, mabogi atatsala pokhota.

Poyamba ndinaimba mlandu dzuwa la ku Tete, limene mu Okutobala limapitirira madigiri 40, poganiza kuti lapha maginito a zolumikizira mabogi. Ndinalakwa, chifukwa maginito wamba a neodymium amayamba kutaya mphamvu mpaka kalekale akatentha kufika pa madigiri pafupifupi 80, ndipo pabalaza pathu sipafika pamenepo. Nditayang'anitsitsa kumaso kwa cholumikizira chilichonse, ndinapeza kaubweya kakuda kataima ngati ndevu zongomera kumene. Tinali tizitsulo ta mumchenga timene maginito amatola sitima ikamaseweredwa pakhonde. Mphamvu ya maginito imatsika msanga kwambiri mpata ukangokula pang'ono, moti kafumbi kochepa kwambiri pakati pa zolumikizira ziwiri n'kokwanira kuzifooketsa. Nsalu siichotsa tizitsuloti, imangotikankhira m'mphepete. Chimene chinathandiza ndi selotepi: kumata, kusindikiza ndi chala, n'kumatula, kawiri kapena katatu.

Cholumikizira chimodzi chinakanabe. Maginito a zolumikizira zamakono amatsekeredwa m'kabokosi ka pulasitiki, ndipo amayenera kutembenuka momasuka m'katimo kuti mbali yokoka ikumane ndi inzake. Mukagwedeza cholumikizira chabwino pafupi ndi khutu mumamva kakulira m'kati, koma ichi chinali duu. Ndinachigogoda pang'ono patebulo n'kuyendetsa cholumikizira china mozungulira kumaso kwake, mpaka maginito anamasuka. Patha miyezi inayi chisanakakamirenso.

Komabe gwero lenileni la vuto silinali maginito, koma kulemera kwa zimene ankakoka. Nditatembenuza bogi yachiwiri ndinapeza ulusi wa nsalu ndi tsitsi zitakulungana pa kachitsulo kolumikiza magudumu, moti gudumu ndikalizunguza ndi chala linkangotembenuka kamodzi n'kuima. Ndinachotsa zonse ndi singano, ndipo bogi yomweyo inayamba kutsetsereka yokha ikangokankhidwa pang'ono. Timiyala tinatichotsa n'kuikamo timanjerwa takuda. Ndinaphunziranso kuti cholumikizira choyamba, cha pakati pa mutu ndi bogi yoyamba, ndicho chimasenza katundu wa sitima yonse, choncho champhamvu koposa chiyenera kukhala pamenepo, mabogi olemera akhale kutsogolo, opepuka kumbuyo. Kunyamuka ndi liwiro lalikulu nthawi imodzi kumadulanso sitima, ndipo zimenezi wamng'onoyo sanazivomerezebe.

Pamwamba pa zolumikizira zathu pali kamutu kamodzi, ndipo kathabwa kopyapyala ka timitu tiwiri kakaikidwa pamwamba pa zolumikizira ziwiri zolumana, sitima siidukanso ngakhale ikhale ndi mabogi asanu. Kuipa kwake n'kwakuti sitima ikachoka panjanji imagwa yonse pamodzi, komanso ana sangalekanitse mabogi mosavuta. Mnzanga wina anandilangiza kuti ndigule timaginito tating'ono n'kutiika pakati pa zolumikizira. Njirayo imagwiradi ntchito, koma ndinaikana chifukwa m'nyumba muno muli khanda lokwawa, ndipo timaginito tiwiri tikamezedwa timakokana m'mimba mpaka kuboola matumbo.

Pa nkhani ya zidutswa zogwedera ndiye sindingaikire kumbuyo sitimayi. Timanjerwa timagwirana chifukwa timitu timapanikizika pakati pa khoma ndi timachubu ta kunsi, njira imene LEGO inalembetsa mu 1958, ndipo muyeso ukaphonyeka pang'ono chabe kugwirako kumatha. Denga la mutu wa sitima, limene timachotsa nthawi zonse posintha mabatire, linayamba kugwa lokha mwezi wachisanu. Masitepe a m'mbali ndi timagetsi takutsogolo, zimene zimagwira pa kamutu kamodzi kokha, zinkapezeka pansi pa mpando. Zina mwa izi ndi zochita za ana, chifukwa zidutswa ziwiri zili ndi zipsera za mano, ndipo china chinapindika chitaiwalika pawindo tsiku lonse. Koma zidutswa zitatu zinang'aluka m'mbali popanda wozilakwira.

Supaguluu sindinaigwiritse ntchito, poti imasiya mawanga oyera ndipo chidutswa chomatidwa sichingamangirenso china. Ndinatsuka zidutswa zonse zopanda magetsi ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono, n'kuziumitsa pamthunzi. Zogwedera ndinazisinthanitsa ndi zolimba zochokera m'malo osaoneka, ndipo dengalo ndinalimanga ndi kathabwa kataliko kodutsa pamwamba pa mfundo zake, monga mmene mmisiri amapingasira njerwa pakhoma.

Mota ndi njanji zikadali bwino, ndipo kwa amene ali ndi nthawi yotembenuza mabogi kamodzi pamwezi ndinganene kuti agule. Zidutswa zitatu zong'alukazo sindinapeze zolowa m'malo mwake m'masitolo amene ndinafunsamo mumzinda wa Tete, moti bogi yachitatu ikuyenda ndi khoma limodzi lofiira pakati pa makoma abuluu.