Miyezi 11 ndi G-Shock yolowera khomo lakuseri

Mu Novembala chaka chatha, pa chipwirikiti cha Black Friday, tsiku lomwe masitolo amatsitsa mitengo, ndinagula wotchi ya Casio G-Shock GW-M5610U kwa wogulitsa wina wa pa intaneti kuno ku Joni. Inatchipa ndi R800 poyerekeza ndi mtengo wa m'masitolo ovomerezeka. Chifukwa chake sanabise: inali yomwe kuno amati grey import, katundu weniweni ndithu, osati feki, koma wolowa m'dziko osadzera kwa amene kampani inawapatsa chilolezo. Lamulo loteteza ogula la South Africa, la mu 2008, limakakamiza wogulitsa kulemba zimenezi poyera, ndipo iye analembadi, ngakhale tizilembo take tinali tofuna mandala.

Bokosi litafika ndinaona kuti nambala yake ikuthera ndi JF, kusonyeza kuti inapangidwira msika wa ku Japan. Kabuku kake nakonso kanali ka Chijapanizi chokhachokha, khadi la waranti lopanda chidindo. Wogulitsa anangoti china chikavuta m'miyezi 6 ndim'bwezere. Pambuyo pake ndinazindikira kuti miyezi 6 imeneyo si chifundo chake, ndi lamulo lomwe lija.

Pa kulimba ndilibe nayo mawu. Ndimagwira ntchito ya ulonda, ndaimenyetsa pageti kosawerengeka, mvula yachilimwe yainyowetsa, ndimasamba nayo popeza analemba kuti imapirira madzi mpaka mamita 200. Lamba wangoyamba kunyezimira pomwe amakhulana ndi malaya. Basi.

Chomwe chinandipweteka ndi umbuli wanga. Wotchi imeneyi imadula chifukwa imadzikonza yokha nthawi pomvera mawayilesi 6: awiri ku Japan, ina ku China, ku America, ku Anthorn ku England ndi ku Mainflingen ku Germany. Awiri a ku Ulayawa mphamvu yake imathera pa makilomita 1,500. Ndiye tawerengani mtunda wochoka ku Germany kufika ku Johannesburg kapena ku Lilongwe. Ndinakhala sabata yathunthu ndikuisiya pawindo usiku ngati wotchera mbewa kuuna wopanda kanthu. Pano ndimaikonza ndi manja, ndipo imathamanga ndi masekondi 5 kapena 6 pamwezi, pomwe Casio amalola mpaka 15. Pa mndandanda wa mizinda yake mulibenso Johannesburg, ndiye ndinasankha Cairo, amene nthawi yake imafanana ndi ya kuno bola n'kuthimitsa DST, ija yopititsa nthawi patsogolo ndi ola limodzi m'miyezi yotentha. Mwayi wake nthawi ya kuno ndi ya kumudzi ndi imodzi, sindisokonezeka poimbira mayi.

Nkhani ya waranti inadzandipeza mu Julayi. Ndikuweruka m'mawa wina, ndinapeza wotchi yazima, ikungothwanima tizilembo titatu, CHG, tomwe pambuyo pake ndinadziwa kuti timatanthauza kuti batire likufuna kutchajidwa. Mtima unagunda. Miyezi 6 inali itatha mu Meyi. Ndinaimbira kumene amakonza mawotchi a mtunduwu movomerezeka, ndipo mayi amene anayankha anandifunsa mwaulemu za lisiti ndi chidindo. Nditafotokoza anati kukonza akonza, koma ndilipira ndekha, chifukwa khadi langa ndi la msika wina. Sindinawakwiyire. Ndinadziwa chomwe ndinkagula. Koma tsiku limenelo R800 ija inachepa m'maso mwanga mpaka kukhala ngati ndalama ya minibasi.

Anandipulumutsa ndi mnzanga wa ku Mangochi amene timasinthana naye shifiti. Anangoiyang'ana n'kuseka, amvekere: “Achimwene, wotchi ya dzuwa mukuibisa m'jekete usiku wonse, masana muli m'bulangete, idya chiyani?” Zinalidi choncho. Chisanu cha ku Joni mukuchidziwa, kuyambira Meyi dzanja langa silinaone kuwala. Ndinaiika pawindo masiku angapo, chizindikiro cha batire chinakwera kuchoka pa L (lochepa) kufika pa M (pakatikati), kenaka pa H (lodzaza). Chiyambire pamenepo ndikavula ndimaisiya poyera, osati m'dirowa.

Ndiye kodi ndinachita bwino? Pa wotchi ya mtundu uwu, ndikuti inde. G-Shock yamakona anayi ndi mdzukulu wa ija Kikuo Ibe, injiniya wa Casio, anatulutsa mu 1983, mulibe mivi kapena magiya oti n'kuthyoka, ndipo yobadwa ndi chilema kawirikawiri imaonekera msanga, miyezi 6 isanathe. Zomwe zimatha pakapita zaka, lamba ndi batire, waranti sakhudzako n'komwe. Komanso ambiri a ife tikabwerera kumudzi, khadi la ku Joni lingatithandize chiyani ku Balaka? Kutumiza wotchi pabasi kuti akaikonze n'kudula kuposa kupita nayo kwa wokonza wa mumsika. Ikanakhala wotchi yolumikiza ku foni, yotchaja tsiku ndi tsiku, sindikanayerekeza.

Chomwe sindingabwereze ndi kulipira wayilesi yosamveka kuno. G-Shock wamba yosamvera wayilesi, DW-5600, ikanandikwanira, ndalama yotsalayo n'kutumiza ya feteleza.

Mng'ono wanga wapempha wotchi ya mayeso a Fomu 4. Ndimugulira Casio yotchipa ya F-91W, ija yakhala ikupangidwa kuyambira 1989, batire lake lotha zaka 7. Imeneyo yokha ndikagula kusitolo yovomerezeka, osati chifukwa cha waranti, koma chifukwa mafeki ake adzaza mumsewu moti ngakhale ine sindingawasiyanitse ndi maso.