Apache RTR 160 4V ya mabuleki atsopano: kodi ndi yoyenera kugula?

Kuyambira pamene ndinagula njinga yamoto ya TVS Apache RTR 160 4V kuno ku Bengaluru, m'dziko la India, anzanga amene tikukhala nawo kuno komanso ena a kumudzi akhala akundifunsa ngati zimene kampani inawonjezera pa njingayi zikugwirizana ndi ndalama imene munthu amalipira. Poyamba ndinkazengereza kuyankha chifukwa njinga iliyonse yatsopano imakoma m'masabata oyambirira, koma tsopano ndadutsa nayo nyengo yotentha ndiponso nyengo yonse ya mvula, ndikupita nayo kuntchito m'mawa ndi kubwerera madzulo, choncho ndikhoza kulankhula zimene ndaona ndi maso anga. Yankho langa ndi lakuti njingayi ndi yoyenera kugula, koma chifukwa chake chachikulu ndi mabuleki, osati zinthu zonyezimira zimene ogulitsa amathamangira kukuonetsani mukangolowa m'sitolo.

Kuti zimveke bwino, ndi bwino kudziwa kumene njingayi yachokera. Kampani ya TVS, imene ili ndi fakitale yaikulu ku Hosur, tawuni yoyandikana ndi Bengaluru, inatulutsa Apache RTR 160 4V m'chaka cha 2018. Injini yake ndi ya 159.7cc, ya silinda imodzi yokhala ndi mavavu anayi, imaziziritsidwa ndi mpweya mothandizidwa ndi oilo, ndipo ili ndi magiya asanu. Mu 2021 anaisintha nyale yakutsogolo ndi kuwonjezera njira zitatu zoyendetsera, zimene amazitcha Urban, Sport ndi Rain. Mu December 2023 anatulutsa mtundu wokhala ndi ABS (makina oletsa tayala kukhwekhwereka ukagwira buleki mwamphamvu) pa matayala onse awiri, pamodzi ndi disiki yakumbuyo yokulirapo ya mamilimita 240, pa mtengo wa ma rupee pafupifupi 135,000 musanawerengere kalembera ndi inshulansi. Umenewu ndiwo mtundu umene ndili nawo. Lamulo la India linali litayamba kale kufuna ABS pa njinga zonse zatsopano zopitirira 125cc kuyambira mu 2019, koma makampani ambiri ankakwaniritsa lamulolo poika ABS ku tayala lakutsogolo lokha, n'kusiya lakumbuyo momwe linalili.

Kusiyana kwa ABS ya tayala limodzi ndi ya matayala onse awiri sikuoneka pa tsiku ladzuwa, msewu uli wouma. Kumaonekera mvula ikagwa pa msewu waukulu wa Outer Ring Road, kumene ntchito yomanga njanji ya Metro imasiya mchenga ndi matope pamwamba pa phula, ndipo madzi amabisa maenje moti sudziwa kuzama kwake. Madzulo ena kukugwa mvula yowaza, njinga ya matayala atatu yonyamula anthu inakhotera kutsogolo kwanga mwadzidzidzi pofuna kutenga munthu amene anaiimitsa m'mbali mwa msewu. Ndinagwira buleki yakutsogolo ndi kuponda yakumbuyo nthawi imodzi, mwamphamvu ndithu monga momwe munthu aliyense wodzidzimuka amachitira, ndipo ndinamva chopondera chikugunda pansi pa phazi langa mofulumira, kusonyeza kuti makinawo akumasula ndi kugwiranso tayala kuti lisakhwekhwereke. Njinga inaima ili chilili, yosapendekera mbali iliyonse. Aliyense amene anayendetsapo njinga yamoto pa mchenga akudziwa zimene tayala lakumbuyo limachita likagwidwa kotheratu: limaterereka cham'mbali, matako a njinga n'kupitirira kutsogolo, ndipo woyendetsa amapezeka ali pansi asanazindikire chimene chachitika.

Ndikutsindika zimenezi chifukwa ambiri mwa ife tinaphunzira kuyendetsa pa njinga zakapalasa kapena pa njinga zamoto za kabaza, kumene chizolowezi chimakhala chodalira buleki yakumbuyo ndi kuopa yakutsogolo. Chizolowezi chotere sichichoka msanga, ndipo pa nthawi yangozi phazi limathamanga kuposa nzeru. ABS ya tayala lakutsogolo lokha siithandiza munthu wotere pa malo enieni amene iye amalakwitsa. Komabe ndiyenera kunena kuti ABS siifupikitsa mtunda woimira pa msewu uliwonse, ndipo pa msewu wa miyala kapena wa dothi lofewa njinga imatha kupitirira pang'ono kuposa momwe unkayembekezera, choncho kusiya mpata pakati pa iwe ndi galimoto yakutsogolo kumafunikabe.

Chachiwiri chimene chandikhutiritsa ndi khalidwe la injini mumpanipani wa magalimoto. Bengaluru ndi mzinda wodziwika ndi kuchulukana kwa magalimoto, ndipo pa mphambano ya Silk Board munthu amatha nthawi yaitali akuyenda pang'ono, kuima, n'kuyendanso. Njingayi ili ndi chinthu chimene TVS imachitcha Glide Through Technology, chimene chimalola kuti ukamasula kilatchi pang'onopang'ono m'magiya otsika, njinga iziyenda yokha mwakachetechete popanda kuipatsa moto ndiponso osazima. Pomva koyamba ndinkachiona ngati mawu otsatsira malonda chabe, koma dzanja lamanja limapumuladi, ndipo pofika kunyumba mkono sukhala wolema monga momwe unkakhalira pa njinga ina imene ndinkabwereka kale. Kutentha kwa injini kumamveka m'miyendo ukaima nthawi yaitali m'miyezi ya April ndi May, koma sikufika powotcha. Kulemera kwake, kumene kuli pafupifupi makilogalamu 145, ndi kutalika kwa mpando kwa mamilimita 800, zimachititsa kuti munthu wa msinkhu wapakati aponde pansi bwinobwino ndi kuikankha yekha poimika.

Za njira zitatu zoyendetsera sindinena zambiri. Mu Sport injini imapereka mphamvu yake yonse ya 17.55 PS (muyeso wa mphamvu ya injini), pamene mu Urban ndi Rain mphamvuyo imatsika pang'ono ndipo liwiro lapamwamba limachepetsedwa. M'masabata oyamba ndinkasinthasintha kuti ndimve kusiyana kwake, koma masiku ano njinga imakhala mu Urban sabata yonse, ndipo ndimaika Rain kukachita mdima wa mvula. Pa injini yaing'ono chonchi, dzanja la woyendetsa ndilo limalamulira zambiri kuposa batani.

Pa msewu waukulu ndi pamene malire a njingayi amaonekera. Ulendo wopita ku Nandi Hills, umene uli pafupifupi makilomita 60 kuchokera mumzinda, umakoma kwambiri pa gawo lokwera phiri, chifukwa njinga imapendekera m'makona mosavuta ndipo tayala lakumbuyo la saizi ya 130/70 limagwira phula molimba. Koma pa gawo lowongoka, ukapitirira makilomita 90 pa ola, injini imayamba kulira mokwera, kunjenjemera kumafika m'zopondera ndi m'zogwirira, ndipo phazi lamanzere limafunafuna giya yachisanu ndi chimodzi imene kulibe. Njingayi inapangidwira mumzinda ndi maulendo afupiafupi a kumapeto kwa sabata, ndipo amene akuganiza zoyenda nayo maola ambiri pa liwiro lalikulu adzatopa ndi mphepo yomenya pachifuwa, popeza ilibe galasi lotchinga kutsogolo.

Pa nkhani ya mafuta, thanki yake imalowa malita 12, ndipo pa kayendedwe kanga ka mumzinda lita imodzi imandifikitsa makilomita opitirira pang'ono 40, kutengera kuchuluka kwa magalimoto ndi momwe ndaipatsira moto. Zimenezi n'zabwino pa njinga ya mphamvu chonchi, koma njinga wamba za 100cc kapena 110cc, monga Hero Splendor imene yadzaza misewu ya India, zimapita kutali kwambiri ndi lita yomweyo, ndipo munthu amene akuwerengera ndalama ya mafuta mwezi ndi mwezi ayenera kudziwa kuti mphamvu yowonjezerayo amailipira pa pampu tsiku lililonse. Petulo wa kuno tsopano amasakanizidwa ndi ethanol wofika magawo 20 pa 100, ndipo njinga zatsopano zimapangidwa moganizira zimenezo. Kwa ife a ku Malawi nkhaniyi si yachilendo, chifukwa dziko lathu linayamba kusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa kale mu 1982.

Kasamalidwe kake kamafuna chidwi choposa cha njinga wamba, makamaka pa tcheni. Njinga zogwirira ntchito, monga Bajaj Boxer, zimakhala ndi chophimba chotsekera tcheni, pamene tcheni cha Apache chili poyera, ndipo m'nyengo ya mvula matope osakanikirana ndi mchenga amamatirira pa mano ake n'kuyamba kuchidya. Ukachisiya masabata angapo osachitsuka, umayamba kumva phokoso lokhetchera ukamachepetsa liwiro, ndipo magiya amayamba kulowa mouma. Ndinagula bulashi ndi mafuta opopera tcheni, ndipo ntchitoyo ndimaigwira ndekha pakhomo Loweruka m'mawa. Pa galaja ina ya m'mbali mwa msewu makaniko anachikoka mopitirira muyeso poganiza kuti tcheni cholimba ndicho chabwino, ndipo njinga inayamba kulira mwachilendo mpaka pamene chinamasulidwa molingana ndi muyeso wolembedwa m'buku la njingayo. Ndikulangiza aliyense kuti aziima pomwepo pamene tcheni chikukonzedwa, n'kuchiyesa yekha ndi chala asanachoke. Matayala ake ndi opanda chubu, choncho msomali ukalowa mpweya umatuluka pang'onopang'ono, ndipo okonza matayala amatseka bowolo ndi kachingwe ka labala osachotsa gudumu.

Mpando wake ndi umodzi wautali, wosagawidwa pakati monga wa njinga zambiri zooneka zamasewera, ndipo wokwera kumbuyo amakhala bwino pa ulendo wa mumzinda. Mashoka ndi olimbirapo pang'ono, zimene zimathandiza m'makona koma zimamveka m'msana ukadutsa mahampu ambiri motsatizana. Mpata wa pansi, wa mamilimita 180, wakhala wokwanira ngakhale titakwera anthu awiri. Malo omangirira katundu ndi ochepa kwambiri, ndipo zogula zakumsika zimathera m'chikwama chakumsana.

Chimene ogulitsa amachitama kwambiri, kulumikiza njinga ndi foni kudzera pa Bluetooth kuti iziloza njira ndi kuonetsa amene akukuimbira, ndicho chimene ndimachigwiritsa ntchito mochepa kuposa zonse. Mivi yaing'ono ya pa sikirini siikwanira pa mphambano zosokoneza za mzinda uno, ndipo sindikhulupirira kuti munthu amene ali pa matayala awiri pakati pa mabasi ayenera kudziwitsidwa za foni imene ikulira m'thumba. Chimene chili chothandizadi pa sikiriniyo ndi nambala yosonyeza giya imene ulimo. Nyale yakutsogolo ya LED imawala mokwanira m'misewu ya mumzinda, ndipo imathandiza kuti oyendetsa magalimoto akuone msanga.

Pa msika njingayi siili yokha. Bajaj Pulsar N160, imene inatuluka mu 2022, inayamba kale kupereka ABS ya matayala onse awiri pa gulu limeneli, ili ndi thanki ya malita 14, ndipo ndi yolemererapo, zimene ena amazikonda chifukwa imakhazikika bwino pa msewu waukulu. Palinso Hero Xtreme 160R 4V ndi Yamaha FZ, imene mphamvu yake ndi yocheperapo koma ndi yofatsa poyendetsa. Ndinasankha Apache chifukwa injini yake imadzuka msanga ndipo njingayo ndi yopepuka polowa m'mipata, koma sindinganene kuti wogula N160 walakwitsa. Chakumapeto kwa 2024 TVS inatulutsanso mtundu wina wokhala ndi mashoka akutsogolo otembenuzidwa, ooneka agolide, pa mtengo wokwererapo. Ndi okongola, koma kwa munthu wopita kuntchito ndi kubwerera sindiona kuti ndi chifukwa chokwanira chosinthira njinga imene ili bwinobwino.

Amene akugula njinga yake yoyamba ya gulu limeneli atenge ya ABS ya matayala onse awiri, ngakhale zitatanthauza kudikira mwezi wina kuti ndalama ikwane kapena kusiya mtundu wa penti umene waukonda. Amene ali kale ndi Apache ya 2021 kapena 2022 imene ikuyenda bwino asathamangire kugulitsa, chifukwa injini ndi mafupa a njingayo sizinasinthe kwenikweni, ndipo ndalama imene angataye posinthanitsa ingagule matayala abwino, helemeti yolimba ndi jekete yoteteza thupi.

Kwa anzanga amene akuganiza zoitanitsa njinga yotere kumudzi, nkhani yake ndi yosiyana. Mtundu wogulitsidwa ku India ulibe kabureta, umagwiritsa ntchito pampu yamagetsi ndi injekita popereka mafuta mu injini chifukwa cha malamulo a utsi amene anayamba mu 2020, ndipo zipangizo zimenezi sizigwirizana ndi petulo wa m'zigubu wokhala ndi zinyalala kapena madzi, amene anthu amakakamizika kugula kwa mavenda mafuta akasowa pa mafilingi siteshoni. Kabureta ikatsekeka, makaniko wa pa msika amaimasula n'kuitsuka tsiku lomwelo, pamene injekita kapena sensa ya ABS ikavuta pamafunika makina oyezera ndi sipeya yeniyeni. Pa ntchito ya kabaza, yonyamula matumba a chimanga m'misewu ya dothi, njingayi si yoyenera ngakhale pang'ono, ndipo TVS yomweyo ili ndi njinga ya HLX imene inapangidwira ntchito yotero. Koma kwa munthu wogwira ntchito mu Lilongwe kapena Blantyre, woyenda pa phula, wothira mafuta pa pampu, Apache ingamutumikire bwino, bola asanalipire ayambe wapeza makaniko wodziwa njinga za injekita ndi munthu wodalirika womubweretsera mapadi a mabuleki, zosefera oilo ndi tcheni pamodzi ndi masiporoketi ake.