Purosesa ilibe mlandu, yandivuta ndi pampu

Mnzanga wandifunsa ngati overclock, kuthamangitsa purosesa ya kompyuta kupitirira liwiro lomwe inabwera nalo, ili ndi phindu, ndiye ndati ndilembe zomwe ndaona chiyambireni kuthamangitsa Core i5-12600K yanga chaka chatha.

Payokha purosesayi imafika 4.9 GHz. Ine mu BIOS, momwe mumasinthidwira kayendedwe ka kompyuta isanayambe ntchito, ndinaika ma P-core (mbali za purosesa zothamanga kwambiri) onse 6 pa 5.0 GHz, voltage cha m'ma 1.3, pa bodi ya Z690. Kumeneko kulibe chodandaula. Sinazimepo yokha, ndipo Cinebench, pulogalamu yoyesera mphamvu ya purosesa, imamaliza bwinobwino. Kungoti pa magemu kusiyana kwake sikuoneka ndi maso, kumaonekera pa kutentha basi.

Chandisowetsa mtendere ndi choziziritsira cha madzi, chija cha radiyeta ya 240 mm. Poyamba chinkasunga purosesa pansi pa madigiri 80 ngakhale ntchito ichuluke bwanji. Kenako kunayamba kaphokoso: ukangoyatsa kompyuta, mkatimo mumalira ngati m'mimba mwa munthu wanjala. Madzi a m'zoziziritsirazi amachepa pang'onopang'ono kudzera m'mapaipi, mpweya n'kutenga malo, ndipo ukakodwa mu pampu, pampuyo imangozungulira pachabe. Ndikapendeketsa kesi ya kompyuta phokoso linkaleka, mawa lake labwereranso. Ndinasamutsira radiyeta pamwamba kuti mpweya uzikwera kuchoka pa pampu, zinakhalako bwino kwa kanthawi. Tsiku lina ndikukonza vidiyo, HWiNFO, pulogalamu yoonera kutentha, inaonetsa madigiri 100 ndipo purosesa inayamba kudzichepetsera yokha liwiro. Nditagwira mapaipi, imodzi inali yotentha kwambiri, inzake yozizira, mafani akulira koma mphepo yotuluka pa radiyeta ili zii. Madzi sankayenda. Fumbi ndinali nditapukuta kale, thermal paste, phala lodutsitsa kutentha kuchoka pa purosesa, n'kupaka yatsopano, koma vuto silinali pamenepo.

Tsono wogulitsa choziziritsiracho. Atangomva kuti overclock, anadula nkhani: waranti yatha. N'zoona kuti waranti ya Intel siikhudza purosesa yowonongeka chifukwa cha overclock, ndipo chitetezo cholipira chomwe Intel inkagulitsira anthu ochita zimenezi inachithetsa mu 2021. Koma ine sindinadandaule za purosesa ayi. Pampu imadziwa bwanji zomwe ndalemba mu BIOS? Ndinabwezera zonse mwakale, n'kumutumizira chithunzi choonetsa kuti ikutenthabe chimodzimodzi, lisiti lili pambali. Anazengereza mpaka ndinatopa kuimba foni, kenako anavomera kusintha, koma za kubweza ndalama anakana.

Ndinasankha choziziritsira cha mphepo cha nsanja ziwiri. N'chachikulu moti chimaphimba RAM, koma pa 5.0 GHz chikusunga purosesa cha m'ma madigiri 85, ndipo mulibe pampu yoti n'kufa. Tsiku lomwe ndasangalala ndimati overclock ndi yabwino, mutha kuyesa. Ndikakumbukira kuti ndinaonjezera ndalama pa purosesa ya K ndi bodi ya Z, zomwe zimalola overclock, ndi pa madzi aja, zonsezo chifukwa cha liwiro lomwe sindiliona, mtima umawawa. Chatsopanochi n'chotsika mtengo kuposa chomwe ndinabweza, ndipo yotsalayo wogulitsa sanandipatsebe mpaka lero.