MCB, MCCB kapena ACB: pa chigayo ndi pa workshop muike iti?

Eni zigayo, a mapampu a m'madimba ndi owotcherera zitsulo kuno ku Chipata, Katete mpaka Lundazi amafunsa chimodzimodzi: ma breaker onse awiri alembedwa 100 A, nanga bwanji ina ikudula kangapo kuposa inzake? Breaker ndi switch yodula magetsi yokha pakachitika shoti kapena katundu akachuluka: MCB ndi yaing'ono, MCCB ndi yokulirapo, ACB ndi yaikulu kwambiri. Wogulitsa akangoona kuti ma amps afanana amakulungirani yotchipayo. Apa ndi pamene ndalama zimapsera.

Ma amps amangonena katundu amene breaker inganyamule tsiku ndi tsiku. Nambala yofunika ndi inayo ya kA (1 kA ndi ma amps 1,000), yonena kukula kwa shoti imene ingadule osaphulika. Thiransifoma ya 315 kVA pa 400 V imatulutsa pafupifupi 455 A, koma shoti ikachitikira pafupi nayo mphamvu imafika cha m'ma 11 kA ngati impedance yake, nambala yonena m'mene thiransifomayo imachepetsera shoti, ndi 4%. Ya 500 kVA imafika cha m'ma 18 kA. MCB zambiri za m'mashopu ndi za 6 kA, zabwinoko 10 kA. Kebulo yaitali imachepetsa shoti, ndiye amene ali pa ngozi kwambiri ndi uja akunyadira kuti a ZESCO anamuimikira thiransifoma pakhomo penipeni, kebulo ya mamita 15 basi.

M'kati mumachitika izi. Breaker ikatripa, ma contact, tizitsulo togundana todutsitsa magetsi, amalekana koma moto umatsalira pakati pawo ngati uja wa makina owotcherera. Motowo umakankhidwira mu arc chute, mndandanda wa timapuleti tachitsulo tomwe timaudula zidutswazidutswa mpaka uzime. MCB ili ndi kachute kakang'ono. MCCB ili ndi yaikulu, chikopa cholimba, ndipo 25 kA kapena 36 kA kwa iyo si nkhani. Shoti ikaposa mphamvu ya breaker, ma contact amamatirirana, chogwirira chimaoneka ngati chagwa koma magetsi akudutsabe, kapena chikopa chimang'ambika n'kulavula moto m'bokosi lodzaza fumbi la ufa. Ndiye MCB ya 100 A kapena 125 A kuiyika ngati main, yodutsa magetsi onse a pamalopo, pafupi ndi thiransifoma, ine ndimakana ngakhale mwini atachonderera motani. Malo ake ndi ku mababu, masoketi ndi timakina tating'ono.

Pa MCCB werengani manambala awiri, Icu ndi Ics, pamodzi ndi chilembo cha IEC 60947-2, muyezo wa padziko lonse wa ma breaker amenewa. Icu ndi shoti imene idzadula koma mwina n'kuthera pomwepo. Ics ndi imene idzadula n'kupitiriza ntchito. Ina imalemba 36 kA zazikulu kutsogolo pamene Ics yake ndi theka chabe. Sankhani imene Ics yake ndi 100% ya Icu.

Zimene zimandinyansa ndi zabodza zovala mayina a makampani otchuka, komanso zakale zochotsedwa m'mafakitale, zopukutidwa bwino n'kuikidwa m'katoni yatsopano. Yabodza imapepuka m'manja, zilembo zake zimafufutika ndi chala chonyowa, zomangira mawaya ndi zachitsulo chopyapyala. Mukaitsegula mupeza timapuleti tiwiri titatu, mwina mulibiretu, ndipo zina ndi switch chabe yopanda chotripitsa. Imayatsa chigayo bwinobwino miyezi yambiri, chifukwa tsiku loyesedwa silinafike. Yakale nayo simudziwa kuti inadula shoti zingati. Kunja mbee, ma contact m'kati atadyeka. Gulani kwa wogulitsa wovomerezeka, risiti ilembedwe nambala ya breaker-yo.

Kutentha nakonso kumasiyanitsa. MCCB ya thermal-magnetic imatripa kachitsulo kake kakapindika ndi kutentha, ndipo zambiri zimayesedwera pa 40°C, MCB pa 30°C. Mu Okutobala, m'chigayo cha malata chopanda mawindo, makamaka kumunsi ku Mfuwe, imagwa katundu asanakwane. Za hydraulic-magnetic, zotripa ndi maginito osati kachitsulo kopindika, ngati za kampani ya CBI ya ku South Africa, sizisintha ma amps otripira chifukwa cha kutentha kwa m'bokosi, n'chifukwa chake amisiri ambiri timazikonda. Kukweza ma amps kuti ileke kugwa kumangootcha kebulo.

ACB ndi ya mafakitale enieni, monga opunthira thonje ndi oyenga mafuta, kumene main ikuyambira cha m'ma 800 A mpaka 6300 A. Ndi yabwino: imatseguka n'kukonzedwa, imasololedwa pa njanji zake, imapirira shoti kwa kanthawi kuti yaing'ono ya kutsogolo igwe yokha. Koma mtengo umene akuuzani poyamba funsani ngati muli cradle (chimango chokhala ndi njanjizo), mota yokokera masipuling'i, shunt trip (yoigwetsera muli patali) ndi undervoltage release (yoigwetsa magetsi akatsika kapena akathima), poti zambiri mwa izi amagulitsa padera. Pa 400 A musaivutikire.

Mota ya 30 kW imakoka pafupifupi 55 A, ndipo poliza mwachindunji imakoka kasanu ndi kamodzi mpaka kasanu ndi katatu kuposa apo. Pamenepa pamafunika MCCB yeniyeni, star-delta (yoliza mota osakoka magetsi ambiri poyamba) ndi overload relay, yoteteza mota ikalemedwa, yozindikira phase ikasowa. Breaker payokha, ya mtundu uliwonse wamba, siiteteza mota bwino fyuzi imodzi ikaduka ku pholo.

Ikatripa, chogwirira cha MCCB chimaima pakati. Musachikankhire m'mwamba kawiri katatu. Zimitsani makina onse, mmisiri apeze chimene chagwetsa, kenako chitsitseni mpaka pa OFF ndiye mukweze, mutaima pambali, nkhope kumbali, chitseko cha bokosi chili chotseka. Pokonza, ikani loko pa chogwirira kiyi n'kukhala m'thumba mwanu, yesani ma phase onse atatu ndi neutral ndi tester imene mwaiyesa kaye pamalo amoyo. Chichokereni kuthimathima kwa magetsi kwa 2024 ambiri analumikiza jenereta ndi sola, ndiye mphamvu ikhoza kubwerera kuchokera kumunsi kwa breaker. Ma capacitor, osunga magetsi, adikireni atsitse mphamvu. Pa ACB masulani masipuling'i musanalowetse dzanja, amathyola zala.

Zomangira mawaya zimangidwe ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, pa nambala imene wopanga analemba, ndipo muzionenso pakapita milungu ingapo, chifukwa chigayo chimagwedeza. Pulasitiki ikayamba kufiira pozungulira phase imodzi, breaker imeneyo isinthidwe pamodzi ndi lug yake, kachitsulo ka kumapeto kwa waya.